Nkhuyu yokhala ndi loko

Makolo atanena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ankati akutichenjeza. Sankadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kuli akalipentala amene nzeru yomweyo adzadyerapo. Kayendeni mumsika wa zinthu zamakedzana wa Portobello Road ku London, mupeza katundu wa m'nyumba amene ntchito yake kuyambira kale n'njoti kunja kunene zina, m'kati muchitike zina. Ndikunena makabati osungiramo mowa.

Nkhuyu yoyamba inapsa ku England m'zaka za m'ma 1700. Kanali kabokosi kotchedwa cellarette, ka matabwa a mahogany ochokera ku Jamaica ndi Cuba, kokhala phee m'chipinda chodyera. M'kati ankamatamo mtovu kuti madzi oundana asaoletse thabwa, ndipo kunsi kunali timatayala kuti bwana akakhuta asavutike kudzuka, vinyo amulondole yekha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 amisiri anayamba kukasema ngati bokosi lamaliro la anthu akale a ku Roma. Taganizani: mlendo walowa, waona bokosi pakona, wayamba kale kukonza nkhope yopepesera, mwininyumba n'kuvundukula, n'kutulutsa botolo. Kwathu kuno nkhani yotere ikanakathera kubwalo la amfumu.

Nkhanza zenizeni zinadza mu 1881, pomwe amisiri a banja la Betjemann ku London analembetsa kuboma kachipangizo kotchedwa tantalus. Aka sikabisa kanthu. Mabotolo awiri kapena atatu ali poyera, wisiki akuoneka kuti psuu, koma pamwamba pa zotsekera padutsa kachitsulo kokiyidwa, makiyi ali m'thumba mwa bwana. Ankalimbana ndi antchito apakhomo, komanso anyamata a m'nyumbamo amene ayamba kumera ndevu. Wantchito azipukuta fumbi pabotolo m'mawa uliwonse, madzulo azilinyamula kupita nalo patebulo, kukhosi kuli gwa. Dzinalo n'la Tantalus wa m'nthano za Agiriki, amene analangidwa kuima m'madzi, koma akati awerame kuti amwe, madziwo n'kuphwa. Apa mwambi uja wagwa chagada: nkhuyu ili bwinobwino, nyerere ndizo zatsekeredwa kunja, zikuyang'anira pagalasi.

Ku America, kuyambira 1920 mpaka 1933, lamulo linaletsa kufulula, kugulitsa ndi kunyamula mowa, koma kumwa kwenikweniko silinakukhudze. Choncho botolo linangofunika pogona posaoneka, ndipo matebulo ndi mashelefu a mabuku anayamba kukhala ndi mimba. Lamulo litatha, chizolowezi chinatsala. Kampani ya Radiobar ya ku Los Angeles inkagulitsa wailesi yaikulu ngati kabati, yoti ukaitsegula mukutuluka matambula ndi mabotolo ali pamzere. Bambo akati ndikukamvera nkhani, sankanama kwenikweni.

Ine zimene zimandigonjetsa ndi makabati a m'ma 1930, monga aja ankapanga Harry ndi Lou Epstein ku London. Kunja ndi thabwa la walnut lonyezimira mpaka kudzionerapo nkhope. Ukatsegula zitseko, getsi limayaka lokha, ndipo m'kati monse ndi magalasi odziyang'anira. Wopanga ankadziwa bwino matumba a makasitomala ake. Ikamo botolo limodzi la jini lomwe latsala theka, magalasi alichulukitsa, mlendo n'kuona ngati mwapikula sitolo yonse. Ena chozizwitsa cha ku Kana amangochiwerenga. Awa anachipanga ndi guluu ndi misomali.

Kenako Ataliyana analowerera. Aldo Tura ankakuta tingolo take toperekera zakumwa ndi chikopa cha mbuzi chopakidwa utoto ndi vanishi, ndipo lero anthu amalimbirana pa okushoni. Mbuzi imeneyo ikanadziwa! Koma mfumu ya nkhuyu zonse ndi mpira wa dziko lapansi uja unatchuka m'ma 1960 ndi 1970, woima pamiyendo yosemasema, wokutidwa ndi mapu okopera kwa akatswiri a zaka mazana anayi zapitazo, m'kati mwa Africa mojambulidwa mongopeka. Apongozi kapena abusa akalowa pabalaza amagwedeza mutu: mkamwini uyu ndi wophunzira, amakhala akusinkhasinkha za maiko. Akangotuluka pageti, dziko limang'ambika pakati. Chigawo chakumpoto chimatukuka ngati chivindikiro, chakumwera n'kutsala chitasenza katundu yense. Amisiri aja za ndale za dziko ankazidziwa ndithu.

Tsono tifike pa nyerere zenizeni, poti zilipo. Ku Ulaya kuli kachilombo kofumbwa matabwa, Anobium punctatum. Kamaikira mazira m'ming'alu, mphutsi yake n'kukhala m'kati zaka zitatu kapena zinayi ikudya mwakachetechete, kenako n'kutuluka itasiya kabowo ka milimita imodzi kapena iwiri. Walnut wonyezimira uja nthawi zambiri amakhala kachikopa chabe, kopyapyala, komatidwa pathabwa lotsika mtengo, ndipo mphutsi imadya thabwalo n'kusiya chikopa chikumwetulira. Mukaona tiutuchi tatsopano pansi pa kabati, dziwani kuti alendo anu sanasamuke.

Munthu wanzeru akanathawa. Koma msika wa zamakedzana uli ndi malamulo ake: chinthu chimalowa m'gulu la zamakedzana chikakwanitsa zaka 100, ndipo mtengo umakwera limodzi ndi ukalamba. Nanga wogula adziwa bwanji kuti kabatiyi n'njokalambadi? Amafufuza mabowo. Akawapeza mtima umakhala pansi, dzanja n'kulowa m'thumba. Akathyali ataona zimenezo anatenga kachitsulo koboolera n'kuyamba kuboola okha kabati yopangidwa chaka chatha, kuimenya ndi tcheni kuti ioneke yovutika, kuipaka zodetsa m'makona. Tafika poti nkhuyu yopanda nyerere siyenda malonda, mpaka wogulitsa akuchita kulemba ganyu yoika nyerere. Akatswiri nawo anapeza pogwirira: njira ya mphutsi imakhotakhota, pomwe bowo la chitsulo limalowa chilunjikire. Ndiye mudzaona bambo wamkulu, wa tayi, atagwada m'sitolo ndi kasingano m'manja, akupemphera kuti katundu amene akufuna kugula akhale kuti anadyedwadi ndi tizilombo.

Mwagula, mwafika nayo kunyumba, anthu anayi atuluka thukuta poilowetsa. Mwatsuka mabotolo ake akale agalasi lolemera, lolira ngati belu mukaligogoda. Kulirako n'chifukwa cha mtovu umene anasakaniza popanga galasilo, ndipo mu 1991 akatswiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York anaonetsa kuti mowa ukakhalitsa m'botolo lotere, mtovuwo umasungunukiramo. Ndiye wisiki abwerere m'botolo lomwe anabwera nalo kusitolo. Tambula yonyowa isakhudze vanishi, isiya chizindikiro. Ana asayandikire. Mnzanu uja amayamba kuvina akamwa awiri, akhale kutali, makamaka pakhonde. Pakutha pa mwezi mowa wonse wasamukira kukhitchini, pafupi ndi mafuta ophikira, alendo akumwera m'matambula apulasitiki, ndipo m'kabati ya ndalama zankhaninkhani ija mukusungidwa matchaja a foni akufa, makandulo odikira kuthima kwa magetsi, ndi risiti yake yomwe, yobisidwa bwino kuti mayi a kunyumba asaone mtengo.