Pusi wogwira bolopeni

Akale ankati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ankanena pusi wa mumtengo, amene dzanja lili pa suku ili, maso ali pa suku ilo. Sankadziwa kuti kudzabwera pusi wovala jekete, wogwira bolopeni, wozunguzika ndi zilembo ziwiri zokha. Pusiyo ndine.

Mchombo utagwa, mwana wathu atatuluka m'chikuta, azakhali ake anamutcha dzina. Palibe anatsutsa. Pakamwa dzinalo n'limodzi, poti lilime la Mchewa silikangana ndi l kapena r, limangodutsa pakati pawo. Moto ndinauyatsa ndekha pofunsa pa gulu la banja la WhatsApp kuti tilembe bwanji.

Amalume, mphunzitsi wopuma amene amaopabe Chichewa Board ngakhale inatha kalekale, anati lamulo ndi lamulo: pambuyo pa i kapena e pamabwera r. Choncho Pirirani. Mayi a mwana anati ayi, aliyense amalemba Pilirani, ndipo ma r awiri akumveka ngati njinga yamoto yokana kulira. Alamu a ku Johannesburg anati Pililani, kuti mabwana akumeneko asadzavutike nalo, ngati kuti khanda la milungu iwiri lagula kale tikiti ya basi. Agogo anangotumiza mawu: "Kodi mwanayo akuyamwa?"

Ine zonse zinandikomera. Kusikelo ndinatchula za mayi ake, popeza anali pambali panga. Kutchalitchi ndinalemba za amalume, popeza ndi mkulu wampingo ndipo ankandipumira m'khosi. Pa fomu ya chikalata cha kubadwa, pofuna kuti pasakhale wodandaula, ndinasakaniza ngati nyemba ndi chimanga: Pirilani.

Kale zikanangothera pompo. Koma kuyambira 2017, pamene Amalawi tinafola mizere kulembetsa ziphaso za unzika, kompyuta ndiyo nyakwawa, ndipo siidziwa chibale. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa chiphaso ndi satifiketi ya MANEB, munthu wamkulu ndevu pepeya amakalumbira pamaso pa a majisitireti kuti iyeyo ndi iye yemwe.

Dzulo mayi a mwana anayala mapepala atatuwo pamphasa, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Pili," anatero, "poti mwabereka ana atatu, ndalama ya matewera muzisiya katatu."