Zomveka ku Mandala: onse akulira, dobadoba yekha akuseka

Wofuna kumva za nyumba mu Blantyre atsikire pa Ginnery Corner, alowere cha ku Mandala, atchere khutu. Nazi zomwe zili m'kamwam'kamwa masiku ano.

Akuti ku Mandala mabanja akutha. Nyumba zakale zija, za khonde lalikulu ndi mango kuseri, zasanduka maofesi, makiliniki ndi malo ogona alendo. Kuchipinda komwe kunkagona ana lero kwakhala akauntanti. Eni nyumba akuti kampani n'njabwino chifukwa imalipira miyezi ingapo pakamodzi, ndipo mwezi ukatha siibwera ndi nkhani ya maliro akumudzi. Koma musawasirire msanga. Lendi isanafike m'manja, kampani imayamba yadula msonkho wa MRA. Khonsolo ya mzinda nayo ikudikira yake, a unduna wa za malo akudikira yawo, denga nalo likudontha.

Nkhani ya denga ikabuka, akuluakulu amaloza Mandala House. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe ankaitsogolera John Moir ndi m'bale wake Frederick, ndipo mpaka lero ili nji, ikusunga mabuku a Society of Malawi. Nanga bwanji ya chaka chatha yang'ambika kale khoma? Akuti yankho ali nalo ndi foromani, yemwe naye akumanga yake ku Machinjiri osagulapo thumba la simenti ngakhale limodzi.

Alendi nawo ali ndi awo madandaulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, makalata okweza lendi anayenda msangamsanga kuposa malipiro. Funso la alendi n'lakuti: nyumba yomangidwa nthawi ya Kamuzu, yosalawa penti chimangireni, yakwera bwanji? Kodi khoma limamwa petulo? Alandilodi akuyankha kuti mukafunse mtengo wa malata ku Limbe, kenako mubwere tikambirane.

Ophunzira a KUHeS ndi MUBAS asandutsa galaja kukhala mgodi. Ku Mandala, ku Chitawira ndi ku Naperi, galimoto ikugona panja, m'malo mwake mwalowa mabedi osanjikiza. Mtendere umakhalapo mpaka mayunitsi a magetsi atatha. Zikatero aliyense amalumbira kuti iye amangotchaja foni, pomwe fungo la nyemba likuchokera kunsi kwa bedi.

Kugula ndiye nkhani ina. Mwaona makoma olembedwa ndi penti kuti nyumba ino siikugulitsidwa? Akuti kawirikawiri amalemba ndi achibale, pochenjeza za wachibale mnzawo. Bambo akamwalira, mwana mmodzi amathamanga kukapeza wogula, ndalama n'kulandira. Wogula akamatsitsa mchenga, ndi pomwe amatulukira achemwali a ku Johannesburg, malume a ku Thyolo ndi mayi wina yemwe palibe ankamudziwa, onse ndi mapepala m'manja. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilipo, kaundula wa malo alipo, koma wogula wapupuluma amakumbukira loya ndalama zitapita kale. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, chikalata cholonjezedwa mawa si chako.

Pali funso limodzi lomwe ogula saseka nalo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, yemwe anapululutsa anthu ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, wogula poloti amayamba wafunsa komwe madzi amadutsa mvula ikagwa, za mtengo pambuyo.

Ku Limbe akuseka za nyenyezi yofiira, chizindikiro chomwe khonsolo imapaka pa nyumba zoyenera kugwetsedwa. Akuti penti ya nyenyeziyo yafwifwa, koma sitolo zambiri zikadali chiimire, lendi ikulowabe mwezi ndi mwezi. Otopa ndi zonsezi akugula masheya a ICON Properties kapena MPICO pa Malawi Stock Exchange. Iwo akuti sheya siikuimbira foni pakati pa usiku kuti paipi yaphulika.

Wosadandaula ndi mmodzi yekha: dobadoba, yemwe masiku ano akufuna muzimutchula kuti ejenti. Nyumba imodzi, maejenti asanu, mitengo isanu pa WhatsApp, chithunzi chimodzimodzi. Musanaone ndi geti lomwe, mupereke kaye ndalama yoonera nyumba. Mukaikonda, yake ilipo kwa inu, ndipo kwa alandilodi akatapakonso. Mukaikana, palibe chobweza, mawa akuonetsani ina yomwe anthu analowamo kale sabata yatha. Alibe njerwa ngakhale imodzi, sadziwa khomo la MRA, sanakwerepo padenga. Chokhacho chomwe anzake amanong'ona n'chakuti kwawo ku Ndirande naye ndi mlendi, ndipo alandilodi ake akumusaka.