Kasoketi kopsa, bwana wa mota zakale za ku Milange

Ku Milange zotamandidwa n'zambiri. Alendo amatamanda phiri la Tumbine. Amalonda amatamanda chimanga, nyemba ndi nandolo zimene zimawoloka malire kupita ku Muloza ndi ku Limbuli. Madalaivala amatamanda phula la msewu wa ku Mocuba, poti matope a kale akuwakumbukirabe. Koma alipo mkulu wina amene amagwira ntchito dzuwa ndi mvula popanda womuthokoza, ndipo nthawi yakwana yoti naye timuvulire chipewa. Mkuluyu ndi kasoketi ka pulasitiki, kosaposa chala chachikulu, kamene kamabisala pansi pa chishalo cha njinga yamoto yakale, pamene mawaya ochokera mu injini amagwirana chanza ndi mawaya opita ku batire.

Amene anakwerapo mota yokalamba amakadziwa ngakhale sanakaonepo, chifukwa kamadzilengeza ndi fungo. Mota ikangoyamba kulimbana ndi chitunda, fungo la pulasitiki wopsa limakwera kuchokera pansi pa ntchafu. Wokwera amayamba kununkhiza uku ndi uku, pamene woyendetsa amayankha mtima uli m'malo: "Osadandaula mayi, ndi anthu akuwotcha zinyalala." Mayiwo akayang'ana, mbali zonse ndi minda ya nandolo yokhayokha.

Kasoketi aka n'kochokera kubanja lolemekezeka. Honda CG125 inatuluka mu 1975, akatswiri a ku Japan atayenda m'mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia n'kuona mmene anthu amasenzetsera njinga banja lonse, kwinaku oyilo osasintha mpaka atada bii. Anapanga injini yopirira nkhanza zoterezi, ndipo mu 1976 inayamba kupangidwanso ku Manaus, m'dziko la Brazil. Injini zambiri za mota za ku China zimene zadzaza misewu ya ku Zambezia ndi ku Mulanje ndi zidzukulu zake. Palinso Yamaha AG100, imene inapangidwira alimi a ku Australia, ndi azibale ake a DT125 ndi Honda XL, amene alangizi ndi mabungwe anayendera m'midzi nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992. Zina mwa njingazi zidakali pamsewu, zitasintha eni, matayala, mapisitoni ndi utoto. Chimene sichinasinthidwe ndi kasoketi. Iko kanaona zonse, ndipo nkhope yake yakuda ndi yopindika ikuchitira umboni.

Kuti ulemu wake umveke, tiyambe ndi ulendo wa magetsi. M'mbali mwa injini muli gudumu la maginito limene limazungulira makoyilo a waya wa kopa. Likamazungulira, magetsi amabadwa, koma ndi magetsi opita uku ndi uku, amene batire silingawalandire. Amayenda m'mawaya, pa Honda kawirikawiri achikasu, kupita ku kabokosi ka nthiti zachitsulo kamene amakaniko amati rekitifaya. Kameneka kamawawongola kuti aziyenda njira imodzi ndi kuwaletsa kupyola mavoti 14 ndi pang'ono pa njinga ya mavoti 12. Akatero amalowa mu waya wofiira kupita ku batire, ndipo wobiriwira amawabweza kudzera m'thupi la njinga.

Pakati pa ulendowu ndi pamene pali chipata cha bwana wathu. Anthu a m'malire safuna kuwafotokozera kuti chipata n'chiyani. Katundu amafika, amaima, amapereka kangachepe, n'kupitirira atapepukako. Kasoketi kakali katsopano, timano take ta mkuwa timalumana zolimba ndipo magetsi amadutsa osafunsidwa ngakhale chiphaso. Koma zaka zikapita, timano timalekerera, dzimbiri lobiriwira limamanga msasa, ndipo bwana amayamba kudula msonkho. Chodabwitsa chake n'chakuti msonkhowo sasunga, sagulira malata, satumiza kwa mkazi wachiwiri. Amauwotcha pompo, ndipo nyumba imene imayamba kupsa ndi yake yomwe. Kudzipereka kotereku sikupezeka m'maofesi ambiri.

Malamulo a msonkhowu analembedwa kalekale. Cha m'ma 1840, James Prescott Joule wa ku Manchester anasonyeza kuti kutentha kwa mu waya kumadalira kuchuluka kwa magetsi odutsa ndi kuuma kwa njira imene akudutsamo, ndipo magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti pa timano todzala dzimbiri pakudutsa maampeya 5, ndipo dzimbirilo likukaniza ndi ohm imodzi yokha. Pamenepo pakubadwa mawati 25 a moto, mphamvu yofanana ndi ya kachitsulo kowotcherera kamene okonza mawailesi amasungunulira mtovu. Mwini njinga amakhala atakwera pamwamba pa kachitsulo koteroko, thanki ya petulo ili pafupi, akuimba likhweru.

Ndipo kasoketi sikagwira ntchito mwa theka. Kutentha kumafewetsa timano, timano tikafewa timalekerera, tikalekerera dzimbiri limawonjezeka, dzimbiri likawonjezeka kutentha kumakwera. Pulasitiki woyera amasanduka wachikasu, kenako wofiirira, kenako makala. Amene amaganiza kuti akazimitsa nyale akapumitsa amadzinamiza, chifukwa pa njinga zambiri za mtunduwu makoyilo amatulutsa magetsi malinga ndi liwiro la injini, ndipo otsala rekitifaya amangowataya. Chipata chimakhala chotsegula nthawi zonse, Lamlungu ndi maholide omwe.

Milange naye amakalera bwino. Nthawi ya dzinja mvula ya m'mapiri a Mulanje ndi Tumbine imakamwetsa. Mu June ndi July chiperoni chimakanyowetsa pang'onopang'ono. M'chilimwe fumbi lofiira limalowa n'kukhala phala loyamwa chinyezi. Mabampu a misewu ya kumidzi amakagwedeza kuti timano tisaiwale kulekerera. Kenako Loweruka mwini njinga, chifukwa cha chikondi, amaitsikira nayo kumtsinje n'kuikhuthulira ndowa za madzi a sopo pansi pa chishalo penipeni.

Koma luso lalikulu la kasoketi, limene liyenera kuphunzitsidwa m'masukulu a utsogoleri, ndi lakuti sikapezeka ndi mlandu. Mlonda wa magetsi pa njinga ndi fyuzi, ndipo fyuzi imaduka pokhapokha magetsi akachuluka mopyola muyezo. Apa magetsi sachuluka, amachita kuchepa. Komanso fyuzi imakhala kufupi ndi batire, kutali ndi mawaya a ku injini. Choncho kasoketi kamatha kupsa mpaka kudontha, mlonda ali gwa pamalo pake, wokonzeka kulumbira kuti usiku wonse sanaone kanthu. M'njinga zina mlondayo anachotsedwa ntchito kale, pampando pake pakukhala kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya.

Mlandu ukasowa mwini, amagwidwa ndi osalakwa. Woyamba ndi batire. Hutala ikayamba kulira ngati yagwidwa chimfine, maindiketa n'kumaphethira mwaulesi, mwini njinga amagamula kuti batire latha. Amagula lina, kaya ndi meticais kaya ndi makwacha, poti kuno ndalama zonse ziwiri zimadziwa njira ya kuthumba la wogulitsa. Batire latsopano limakhala ndi moyo masabata angapo, kenako nalo limagona, popeza chakudya chake chikuthera pachipata. Wachiwiri kugwidwa ndi rekitifaya. Mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango amaigwira, amapukusa mutu, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi yapita." Amazula yakale, amalumikiza yatsopano m'kasoketi komwe kaja, zala zake zikuda ndi mwaye wake, koma osakafunsa kanthu. Ngati kasoketi kasokoneza njira ya ku rekitifaya pa njinga zimene nyale imadya molunjika kuchokera ku makoyilo, mphamvu imakwera ndipo mababu amapsa motsatizana. Wogulitsa mababu naye amadalitsika.

Ndani wina ku Milange amene analemba anthu ntchito ochuluka chonchi? Wogulitsa mabatire, wotchaja mabatire, wogulitsa mababu, mmisiri ndi wophunzira wake, anyamata okankha mota ya sitata ikakana kulira pamsika, onsewa amadya chifukwa cha kanthu kamene mtengo wake sufika pa wa nkhuku. Njinga zakale zoliza ndi phazi zimathandizanso chinsinsi, chifukwa zambiri zimalira ngakhale batire litafa, ndiye mwini wake amayenda miyezi akukhulupirira kuti zonse zili bwino. Amadzadziwitsidwa ndi akuluakulu ena a yunifolomu amene amapezeka pamthunzi wa pamsewu wina, amene chidwi chawo pa maindiketa chimakula modabwitsa mwezi ukamapita kumapeto. "Tayatsani ya kumanzere, bambo." Ya kumanzere ili chete. Zokambirana zimasamukira kuseri kwa mtengo, ndipo aliyense amabwerako akumwetulira, wina kwambiri kuposa mnzake.

Anansi nawo amakapatsa ulemu m'njira zawo. Pali mnyamata wa kabaza amene anamangirira pa njinga ya agogo ake sipika ya nyimbo, tchaja ya mafoni, nyale zabuluu za pansi ndi hutala ya lole, zonse kuyamwa pa mawaya amene anawapangira babu limodzi ndi kahutala kaulemu. Pali bambo amene anadula kasoketi mwaukali, n'kupota mawaya ndi zala, n'kukulunga ndi jumbo ndi mphira ya chubu. Iwo amati anathetsa vuto. Zoona zake n'zakuti anachotsa chipata chimodzi n'kutsegula zitatu.

Apa kuseka kumayamba kuvuta. M'midzi ya kutali ndi tauni, mota ndi imene imanyamula mayi woyembekezera usiku, mwana wa malungo ndi thumba la mbewu. Nyale ikafooka pakati pa njira yoterera, kapena ikathima pa mlatho wa mitengo, palibe amene amakumbukira kutamanda kanthu. Zimapweteka kuona munthu amene wagulitsa nandolo wa chaka chonse akutaya ndalama pa zipangizo zimene sizinawonongeke, chifukwa choti mmisiri alibe kamita koyezera magetsi, kapena ali nako koma batire lake nalo linatha. Zimapwetekanso kuona mawaya ogulitsidwa m'misika amene kunja ndi onenepa, mkati muli timaulusi towerengeka.

Adani a kasoketi alipo, ngakhale ndi ochepa, ndipo njira zawo n'zosavuta mochititsa manyazi. Njinga ikayenda kwa kanthawi amaimitsa n'kukhudza kasoketi ndi chala mosamala. Kakatentha kuposa mawaya oyandikana nako, mlandu wapezeka. Amakazula, amapala timano ndi sandipepa mpaka mkuwa uwale, amatifinya ndi pulayala kuti tilume, ndipo tikakhala titapsa amadula waya mpaka pamene kopa akuwala n'kuika tatsopano, kapena kuwotcherera ndi mtovu n'kukulunga bwino. Amapaka girisi pang'ono kuti madzi asalowe. Amamasula bawuti ya waya wobiriwira n'kupala dzimbiri la pa felemu. Pomaliza amayeza pa batire injini ikulira mokweza: akaona mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5, amadziwa kuti katundu akufika yense. Ntchito yonseyi siitenga nthawi yophikira nyemba, n'chifukwa chake amisiri ena saikonda, poti munthu sungamulipiritse zambiri pa ntchito imene waiona yonse ndi maso ake.

Mwamwayi wa bwana wathu, anthu otere sadzachuluka msanga. Bambo wa jumbo ndi mphira uja wauza kale anzake a pabawo kuti tsopano wazindikira gwero la mavuto onse: ndi makoyilo a mu injini. Watumiza uthenga kwa mlamu wake ku Limbe kuti amufunire atsopano, ndipo mbuzi imene ilipire yasankhidwa kale.