Deresi ili ndi kalendala yake

M'makwalala a Blantyre muli lamulo lomwe silinadutse ku Nyumba ya Malamulo, koma aliyense amalidziwa: mwamuna atha kuvala deresi, bola anthu aseke.

Pitani ku Ndirande pa 1 Januwale mukaone. Mnyamata wandevu zake wabwereka deresi ya mlongo wake, pachifuwa wakhwinyirapo masokosi, wigi ili pendekepende, akudzithyola kulowera kumsika. Amayi a tomato nthungululu: "Achemwali, koma ndiye mwatchena!" Wina mpaka kumufupa. Tsono ayerekeze kubwereza mawa lake, deresi atasita bwinobwino, nkhope ili phee. Amayi omwe aja manja pakamwa: "Anthuni, dziko latha!"

Ku chinkhoswe ku Bangwe azakhali amatulukira atavala jekete la amuna awo, ndevu zamakala, ndodo m'manja, ndipo timati ndi chikhalidwe. Maliya wa gule wamkulu akamanyang'wa ndi chitenje chake, palibe amafunsa kuti akatumba a m'miyendowo anawatenga kuti. Za kudambwe saulula.

Amayi nawo anaiona nkhondo yake. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndipo linatha ndi kubwera kwa matipate. Koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Blantyre ndi ku Lilongwe anayamba kuvula amayi ovala mathalauza, ngati kuti mathalauzawo sagulidwa pa kaunjika wa mavenda omwewo. Amayi anachita zionetsero, jinzi inapambana. Lero mtsikana wa ku Chilomoni amayenda nayo momasuka, chitenje chili m'chikwama, kudikira apongozi kapena uthenga wa maliro.

Amene analawa ukali wa lamulo losalembedwali ndi Tiwonge Chimbalanga, yemwe anachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Chirimba mu Disembala 2009. Mlandu womwe awiriwa anaimbidwa sunali wa chovala, koma khamu lomwe linkathamangira kukhoti linkafuna kudzionera Tiwonge, Aunt Tiwo, ndi zovala zawo zachizimayi. Anthu anabwera kudzaseka, napeza kuti mwini wake sakusewera. Mu Meyi 2010 khoti linagamula zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Bingu wa Mutharika anawakhululukira.

Mukafuna odzudzula mokweza zedi, kwerani minibasi ya ku Machinjiri Lamulungu m'mawa. Abambo ena, Baibulo kukhwapa, akulalikira mpando wonse kuti achinyamata a masiku ano sakusiyanitsa chovala cha mwamuna ndi cha mkazi. Shati yawo yamaluwa anaitola pa kaunjika ku Zingwangwa madzulo, kuli kachisisira. Mabatani ali kumanzere, m'chiuno ndi mopana, pachifuwa telala wa ku Ulaya anasiya malo a katundu amene abambowo alibe. Amayi a pambali pawo aiyang'ana kawiri, kenako mwaulemu wonse: "Zoona abambo, dziko lapita. Koma bulauziyo munagula zingati?"