Cafenol pakhoma, dokotala pamtengo wa magetsi

Kale otsatsa mankhwala ankalemekeza khoma. Ankabwera ndi penti kapena chikwangwani cha malata n'kuchikhoma pagolosale: Cafenol, Aspro, Vicks. Munthu wa pachithunzipo ankamwetulira ngati mutu sunamupwetekepo chibadwire. Cafenol ndi aspirin wosakaniza ndi caffeine basi, koma agogo athu ankamutuma ntchito zonse: dzino, msana, matsire, ngakhale mutu wobwera ndi lendi mwezi ukatha.

Malungo anali a chloroquine, wowawa m'kamwa, woyabwitsa thupi usiku wonse. Zokandakandazo otsatsa ankaiwala kuzitchula. Tizilombo titamuzolowera, Malawi anamusiya mu 1993, ndipo Zambia inasankha Coartem mu 2002. Chikwangwani cha malata sichinadandaule, chinangopeza ganyu wotseka denga lodontha.

Lero yendani m'makomboni a ku Zambia, mu Kalikiliki kulowera ku Mtendere. Malonda anasamukira pamitengo ya magetsi ya ZESCO. Pali kapepala ka "dokotala" wopanda adiresi, nambala ya foni yokha. Iyeyu amabweza mkazi wothawa, amakweza munthu pantchito, amapambanitsa mlandu kukhoti, kenaka shuga ndi BP amazithira m'botolo limodzi. Chodabwitsa n'chakuti mwini mankhwala olemeretsa amamata yekha mapepalawo, wapansi, dzuwa lili pamutu.

Akale aja ankakokomeza ndithu, koma papaketi ankalembapo dzina la wopanga ndi mlingo wake. A ZAMRA, oyang'anira mankhwala, ntchito ikuwadikira pamitengopo. Koma inu anzanga a mukomboni, botolo lopanda dzina lisiyeni pomwe mwalipeza, mupite kukiliniki.