Ilemekezeke Nyumba ya Agogo, Pamodzi ndi Chiswe Chake

Anthu a m'tauni atulukira chinthu chachikulu masiku ano: akuti kugona m'nyumba yakale yakumudzi n'kokoma. Tsatani msewu wa ku Mchinji kudutsa Chitedze ndi Msundwe mpaka Namitete, kapena mukhotere cha ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Simulephera kumva za mdzukulu wina, wogwira ntchito ku Kanengo kapena ku Joni, yemwe wakonzetsa nyumba ya malemu agogo ake. Wamatitsa ming'alu, wafoleretsa udzu watsopano, wapaka laimu, wakoleka lichero ndi mthiko pakhoma, ndipo tsopano akuitana anzake a kuofesi kuti akapitidweko mphepo. Anthu a m'mudzimo amangoseka chamumtima. Ine sindiseka nawo. Nyumba imeneyi ilemekezeke, ndipo zifukwa ndili nazo.

Kupezeka kwake kokhako n'chozizwitsa. Nyumba ya Mchewa sankaimanga kuti idzaone zidzukulutudzi. Nsichi, phaso, luzi, dothi ndi udzu zinkachokera kutchire ndi kudambo, ndipo zinkabwerera komweko. Mwini wake akamwalira, m'midzi yambiri ankaigwetsa mwambo wa maliro ukatha. Mudzi nawonso unkasamuka nthaka ikaguga. N'chifukwa chake nyumba zakale zomwe dziko lino limaonetsa alendo n'za anthu obwera: Mandala ya ku Blantyre ya 1882, kapena nyumba yamiyala ya ku Livingstonia ya 1903. Kuno kuchigwa cha Lilongwe zakale zolimba n'za amishoni a ku Likuni ndi Nambuma, komanso za eni minda ya fodya, chiyambire 1920 pamene A. F. Barron anayamba kulimitsa anthu fodya ku Mbabzi. Makolo athu ankaumba njerwa za azungu masana, madzulo n'kukagona m'dothi lawo lomwelo. Ndiye nyumba yadothi yomwe yapulumuka mwambo, mvula ndi moto wolusa, tingailandire titakhala pansi?

Musaiwalenso kuti ndi nyumba yodziwika kuboma. Atsamunda anayamba kuiwerenga ndi kuikhometsa msonkho m'zaka za m'ma 1890. Amuna anayenda pansi mpaka ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni kukasaka ndalama yoiwombolera. Ndi nyumba zingati za ku Area 47 zomwe zinayendetsapo munthu ulendo wotero?

Ulemu woyamba upite kwa kapitawo wa panyumbapo, chiswe. Wantchito ngati ameneyu simungamupeze m'dziko muno. Sapempha alawansi, sachita sitalaka, sadikira kuti nduna idzayale mwala wa maziko. Usana ndi usiku ali pantchito, mwakachetechete. Ndipo onani khalidwe lake: amadya nsichi m'kati, kunja n'kusiya chikhungwa chili bwinobwino, kuti mwini nyumba asachite manyazi pamaso pa alendo. Mumadzadziwa tsiku lomwe mwatsamira. Make chiswe, pansi pa chulu kuseri kwa nkhokwe, amaikira mazira zikwizikwi tsiku lililonse, choncho musade nkhawa kuti ntchito idzaima. Pamwamba pa zonsezi chiswe chimalipira lendi: mvula yoyamba ikagwa chimatumiza ngumbi zodzaza beseni, pambuyo pake bowa wa pachulu. Eni nyumba a ku Kawale, omwe amathamangitsana ndi alendi mwezi ndi mwezi, angachite nsanje.

Kudenga kuli mileme. Imatuluka chisisira kukadya tizilombo touluka, n'kubwerera m'bandakucha, ndipo fungo lomwe imasiya ndi lomwe mlendo amapita nalo kwawo m'zovala monga chikumbutso chaulere. Pafupi nayo pali makoswe, omwe msonkhano wawo umayamba mukangozimitsa koloboyi. Amakambirana mozama, amathamangitsana, wina amagwa pa neti yanu n'kukweranso osapepesa. Mamawa mupeza sopo wolumidwa ndi lamba wa chikwama wodulidwa. Kumeneko n'kukuuzani kuti katundu mwabwera naye wambiri.

Koma mtima wanga uli pa nsikidzi. Kanyama aka kamatha miyezi osadya kanthu, kali phee mumng'alu wa bedi lachingwe, kudikira mwachikhulupiriro kuti tsiku lina wachibale adzabwera. Ndani wina kumudzi amakudikirani chotero? Ndipo sikasankha. Bwana mkubwa, dalaivala wake, mzungu wa bungwe, m'busa, onse kamawalandira mofanana. Ufulu wa demokalase tinauvotera mu 1993, koma nsikidzi inali itayamba kale kuutsata. Zikachuluka zonsezi, linthumbu limalowa usiku umodzi n'kusesa nyumba yonse, kuphatikizapo inuyo, popanda kulipiritsa.

Nyumbayi ndi mphunzitsinso. Khomo lake n'lalifupi, kotero aliyense wolowa amawerama. Wokana kuwerama amaphunzira ndi chipumi. Zenera n'kabowo kolowa dzanja, poti makolo ankadziwa kuti zoona zili panja, pakhonde, pomwe pamadutsa anthu. Netiweki imapezeka pamwamba pa chulu pokha, ndiye bwana yemwe kuofesi amaopedwa mumuona atanyanyamphira, foni m'mwamba, ana akumuonerera. Chimbudzi chili patali, kuseri kwa khola. Pakati pa usiku, fisi akulira kudambo ndipo ng'oma zikumveka cha kudambwe, munthu amadzifunsa mafunso akuluakulu a moyo: kodi n'zofunikadi kupita panopa? Sukulu zaukachenjede sizifikitsa munthu pa kudzifufuza kotere.

Tisanamizire nyumbayi kuti zabwino zake n'zanthabwala zokhazokha. Mu October, dzuwa likamang'amba nthaka, wokhala m'nyumba yamalata amakhala ngati mbatata m'phulusa lamoto, pamene wa m'nyumba yaudzu akugona tulo masana. Makoma adothi amamwa kutentha pang'onopang'ono n'kumakubweza usiku, ndipo mu June, mphepo ya mwera ikamaluma, m'katimo mumafunda. Madzi a mumtsuko amazizira popanda magetsi, ndipo kuthima kwa magetsi sikudetsa nkhawa munthu amene alibe waya. Mvula ikamagwa mumamvana polankhula. Zimenezi n'zoona, ndipo alendo akamazitama sakunama.

Kungoti amabwera mu July. Ulemerero weniweni wa nyumbayi umaoneka mu January, denga likayamba kudontha. Dontho loyamba limagwa pamphumi, lachiwiri pa thumba la ufa. Mumasuntha mphasa, dontho limakutsatirani. Miphika, mbale ndi ndowa zimandanda pansi, iliyonse ndi liwu lake, banja lonse lili maso, litaunjikana pakona imodzi youma. Alangizi a mabanja amalipiritsa ndalama zambiri kuti agwirizanitse anthu chotere.

N'zodabwitsa kuti atsogoleri athu sanaone ubwino umenewu. Kamuzu Banda ankabwereza pamisonkhano kuti anthu ake amafunika zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Boma lomwe linalowa mu 2014 linabwera ndi ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Mlimi aliyense wa ku Nsaru akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, choyamba kuganiza ndi malata. Mnyamata wopita ku Joni akamatsanzika amalonjeza mayi ake malata. Mtundu wonse ukuthawa udzu! Mwamwayi sitinathe: kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse m'Malawi ikadali yamtundu wamakolo. Ku England, nyumba yofolera udzu ndi ya anthu opeza bwino, ndipo bungwe la Landmark Trust lakhala likukonza nyumba zakale n'kumazibwereketsa kwa anthu apatchuthi kuyambira 1965. Chomwe Mngelezi amasungira ndalama chaka chonse kuti akalawe masiku ochepa, Amalawi mamiliyoni amachipeza usiku uliwonse. Kusiyana n'kumodzi kokha, kakang'ono: Mngeleziyo ali ndi kiyi wa nyumba ina.

Mdzukulu wokonzetsa nyumba uja timuyamike, koma tifunse: agogowo ali moyo, ankaikonza ndani? Nyumba yadothi simakonzedwa kamodzi. Chilimwe chilichonse amayi amapita kudambo ndi zikwakwa, n'kubwera atasenza mitolo ya udzu. Abambo amasasula denga lakale, kusintha phaso lofumbwa, kufolera. Amayi omwewo amakatapa dothi, lakuda ndi lofiira, n'kugwada tsiku lonse akuzira pansi ndi pakhonde mpaka pasalale. Akaleka zaka ziwiri zokha, nyumba imagwada. Ntchito imeneyi akaigwira mayi wa kwa Kalolo imatchedwa umphawi. Akailipira mwana wa m'tauni imatchedwa kusunga chikhalidwe. Lero udzu wabwino ukusowa poti madambo asanduka madimba, mitengo ya nsichi yapita ku makala ndi ku zigafa, ndipo pansi pa udzu pamabisala pepala lakuda lapulasitiki, lomwe mlendo wojambula zithunzi amaonetsetsa kuti lisaoneke.

Choncho pitani, abale anga, mukagone m'nyumba ya agogo. Musapite nthawi yokolola, pamene nkhuku zanona ndipo thobwa lili m'nyumba iliyonse. Pitani mu February, nkhokwe zitapepuka, msewu wa ku Kabudula uli matope okhaokha, wakabaza akukana kukunyamulani. Mukhaleko mpaka denga likudziweni dzina. Mukatero mudzakhala ndi ufulu woitamanda monga ndachitira ine. Ndipo potsanzika, mukaona mayi wa nyumba yoyandikana nayo akuyanika zofunda zonyowa pa chingwe, musamuuze kuti ali ndi mwayi wokhala moyo wachilengedwe. Angakupatseni nyumbayo, iye n'kukwera galimoto yanu.