Akoma akagonera? Funsani botolo

Amalume anga anasunga botolo la Sauvignon Blanc m'kabati ya pabalaza kuyambira chaka chimene mwana wawo wamkazi analowa Fomu 1. Anawapatsa ndi mlamu wawo wa ku Joni. Munthu akangoliloza, iwo ankati, "Lisiyeni limenelo, mawu a akulu akoma akagonera." Mwezi wathawu mwanayo wakwatiwa, botolo latsegulidwa, ndipo m'matambula munatsika chinthu cha mtundu wa tiyi wopanda mkaka, chonunkha maapozi owola. Alendo anamwa mwaulemu, kenaka anafunsa ngati Fanta yatsalako.

Mwambiwu sindikuukana. Koma anauyambitsawo sanakhalepo ndi kabati yagalasi yoyang'ana kuwindo mu Okutobala. Vinyo amafuna mdima ndi kuzizira kosasinthasintha kwa madigiri 12 kapena 13, ndipo ngakhale mutamupatsa zimenezo, vinyo woyera wambiri wa m'masitolo mwathumu anapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Sauvignon Blanc wamba kukoma kwake ndi unyamata, fungo lija la magwafa ndi udzu wongodula kumene. Likachoka, palibe chobwera m'malo mwake.

Alipo komabe amene mwambiwu unawanenera. Semillon wa ku Hunter Valley ku Australia amathyoledwa msanga, ukali wake umangofika 10 kapena 11 peresenti, ndipo akakhala watsopano ndi wowawasa moti mano amachita dzanzi. Musiyeni zaka khumi, mudzamva uchi ndi buledi wootcha, chonsecho sanalowepo mumgolo wamatabwa. Riesling wa ku Mosel ku Germany akakula amanunkha petulo, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha fungo limenelo. Ife amene tagonapo pamzere wa mafuta tinalinunkhiza ulere, sitinadziwe kuti ndi chinthu chapamwamba.

Chomwe chimasunga vinyo woyera kwenikweni ndi asidi, ndipo shuga wambiri amathandiza. Château d'Yquem wa ku Sauternes ku France, wozuna ngati manyuchi, amatha zaka zoposa 100. Botolo lake la chaka cha 1811 linagulidwa mu 2011 pa mtengo wa mapaundi 75,000. Ndiye kuti okhalitsa ndi owawasa zedi kapena ozuna zedi. Apakatikati, aulemu, osakhumudwitsa aliyense, amafa msanga. Pamenepa ndinasiya kuseka pang'ono. Mwa mawu onse a agogo anga, amene ndimawakumbukira mpaka lero ndi aja anandiluma tsiku lomwe anawanena. Aja a "mukhale bwino, ana inu" anauluka kale.

Tsono nkhani ya ku Burgundy ndi imene imausautsa mwambiwu. Kumeneko ku France kuli midzi monga Meursault, Puligny-Montrachet ndi Chassagne-Montrachet, kwawo kwa Chardonnay wolemekezeka kwambiri padziko. Kwa mibadwomibadwo lamulo linali limodzi: gula, bisa, dikira zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Anthu olemera a ku London ndi New York anachita ndendende zomwe akulu anawauza. Anali ndi zipinda zapansi zozizira, osati kabati ya amalume. Koma atayamba kutsegula mabotolo a zaka za 1995 ndi 1996 kupita mtsogolo, ambiri anapeza vinyo atada kale, atakalamba nthawi isanakwane. Vutoli analipatsa dzina loti premox. Chowawa kwambiri n'chakuti silisankha mwadongosolo: m'katoni imodzi ya mabotolo 12, lina limatuluka labwino moti munthu n'kutseka maso, lina loyandikana nalo n'kukhala lofunika kulikhuthulira m'sinki. Mphesa zake n'zomwezo, wopanga yemweyo, anagona m'chipinda chimodzi.

Mlandu anaugawana ambiri. Ena analoza zitsekero za khungwa kuti zimalowetsa mpweya mosiyanasiyana. Ena anati opanga anachepetsa salufa wotetezera vinyo. Enanso anadzudzula makina atsopano ofinya mphesa mofatsa, ndi chizolowezi chotakasa nsenga m'migolo kuti vinyo akome akadali wamng'ono. Chomalizachi n'chimene chimandikodola: pofuna kusangalatsa ogula osaleza mtima, anamuphunzitsa vinyo kulankhula zokoma lero, ndipo mawa anasowa chonena. Opanga angapo otchuka asiya khungwa lachilengedwe, akugwiritsa ntchito zitsekero zopangidwa m'fakitale za Diam. Anzawo a Riesling ku Clare Valley ku Australia anatopa kale. Mu 2000 anagwirizana zoyamba kutseka mabotolo ndi chivindikiro chopotokola, chomwe onyada ankati n'cha vinyo wa anthu wamba.

Ndipo wogulayo alibe podandaulira. Mawu a akulu mukhoza kuwayesa pang'ono n'kuwabwezera pamalo. Botolo mukalitsegula, mwatsegula. Ngati munafulumira, mwataya zaka zomwe zikanabwera, ngati munachedwa, mwataya ndalama ndi ulemu pamaso pa alendo. Mwina n'chifukwa chake a ku Speyer ku Germany anachenjera. Ali ndi botolo lomwe linafukulidwa m'manda a Aroma mu 1867, lazaka pafupifupi 1,700, ndipo amalionetsa m'nyumba yosungira zinthu zakale lili chitsekere. Akatswiri amalizungulira, amaliyang'ana, amakambirana, koma wopempha tambula palibe.